Munthu Wambendera Amene Sanaweruke

Inu amene mumati mizimu imayenda usiku wokhawokha simunakhaleko kuchigwa cha Shire. Kumeneko kuli ina imene imadikira kuti kuche, chifukwa nayonso ili ndi ntchito yake. Senderani kuno ndikuuzeni za a Fote Alufazema, ndipo wofuna kuseka asekeretu panopa, poti kutsogoloku kulibe poseketsa.

A Fote anali makaniko pa esiteti ina ya nzimbe, dzina lake ndilisunga poti eni ake akadalipo. Ntchito yawo inali kusamala kandege kachikasu kopopera mankhwala m'minda. Ankakadziwa kandegeko monga mmene mayi amadziwira chifuwa cha mwana wake: kakangotsokomola kali m'mwamba, iwo ali pansi ankadziwiratu ngati vuto ndi pulagi kapena mafuta. Anali munthu wa mawu ochepa, wa zikhadabo zakuda ndi girisi ngakhale tsiku la Khirisimasi.

Woyendetsa ndegeyo anali Lameki, mnyamata wa ku Ntcheu, chiwongo chake Ngozo. Lameki ameneyu ndiye anakwatira Felesita, mwana mmodzi yekhayo wa a Fote. Ndiye taonani mmene zinakhalira: kuntchito mkamwini ndiye bwana, kunyumba bwana yemweyo akugwada pakhomo popereka moni kwa apongozi. Anzawo ankawaseka kuti, "A Fote, akamwini a anzanu amalima m'munda, wanu amangodutsa pamwamba." Iwo ankangomwetulira. Koma m'mawa uliwonse akamatseka chivundikiro cha injini mtima unkawagunda, poti chimene ankatumiza m'mwambamo sichinali chitsulo chokha. Anali mwamuna wa mwana wawo.

Masiku amenewo ndege yopopera inkatsogoleredwa ndi anthu apansi. Ntchito inkayamba kum'mawa kukungofiira, mphepo isanadzuke. Kapitawo ankaimika amuna kumapeto kwa mizere ya nzimbe, aliyense atagwira nsungwi yaitali yokhala ndi nsalu yoyera kunsonga. Woyendetsa ankalunjika mbenderayo n'kudutsa chapansipansi mpaka nzimbe kugona, wambendera n'kusunthira pamzere wina, ndege n'kutembenuka. Lamulo la ntchitoyo linali lolimba: wambendera sachoka pamalo pake, kaya dzuwa liswe mtengo, kaya mankhwala amunyowetse, kufikira ndege itadutsa komaliza n'kugwedeza mapiko uku ndi uku. Kugwedeza kumeneko ndiko kunali kuweruka.

Chaka chimenecho kunabwera manijala watsopano, munthu wodana ndi malo ongokhala. Anapeza kuti kumapeto kwa esiteti, pafupi ndi dambo, kuli munda umene unagonera zaka zambiri. Anthu ankautchula kuti wa ku Mlambe, chifukwa cha mlambe waukulu umene unaima pangodya pake. Analamula kuti aulime. Akuluakulu a pakampaundi anangoyang'anana. Nzimbe zinamera bwino modabwitsa, ndipo nthawi yopopera itakwana ndege inatumizidwa kumeneko.

Tsiku loyamba, Lameki anatsika m'ndege akusekerera. Anaitana kapitawo wa ambendera, a Bizeki, bambo wachikulire amene chingambwe sichinkachoka pakamwa.

"Akapitawo, munthu wanu wa patsinde pa mlambe uja mumusunge. Enawa ndikamatsika amawerama, ena amathawa kumene, koma uja nji! Kungoti mumupatse nsalu ina, yake ija yada."

A Bizeki anachotsa fodya pakamwa. "Pa mlambe, bwana?"

"Pomwepo."

"Kumeneko sitinaimikeko munthu. Wanga womaliza anali cha kungalande."

"Nanga ine ndinkalunjika ndani?"

A Bizeki anataya pansi fodya wosatha, chinthu chimene a Fote anali asanachionepo, n'kulowera kuseri kwa shedi.

Lameki anangoti mwina ndi chiguduli chokodwa panthambi, ndipo poti malowo anali abwino polunjika, anatuma dalaivala wa thirakitala kuti akamangirire nsalu yoyera yatsopano pamlambepo. Dalaivala anamangadi, mfundo ziwiri zolimba. Kutacha anthu opita kukathirira anapeza chingwe chokha, chomasulidwa bwinobwino, osati chodulidwa. Lameki atabwera kouluka m'mawa umenewo sanasekenso. Anangouza a Fote chapansipansi kuti, "Bambo, nsalu ija wailandira. Lero mbendera yake inali yoyera."

A Fote kwawo kunali ku Nsanje, koma unyamata wawo wonse anautsirizira m'magalaji a ku Blantyre, motero nkhani zakale za pa esitetipo sankazidziwa. Chimene anaona iwo n'chakuti ambendera anayamba kudwala m'mimba tsiku lililonse lopita ku Mlambe. Mmodzi anati akaima cha kungalande amamva munthu akutsokomola m'nzimbe, chifuwa chouma, cha munthu waludzu. Ndipo ndege ikabwera kuchokera kumundawo inkanunkha fungo lina lachilendo, longa adyo wowola, pomwe mankhwala a chaka chimenecho sankanunkha choncho. Anaitsuka ndi sopo, fungo osachoka.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina a Fote anali pabwalo la ndege akupukuta masipanala, khutu lili kumwamba monga mwa masiku onse. Phokoso la injini linkamveka kutali, likukwera, likutsika, likukweranso. Kenako zii.

Sipanala inawagwa m'manja. Sanadziwe mmene anakwerera njinga yamoto, sanadziwenso mmene anadutsira milatho ya ngalande. Anapeza ndege ili mumsewu wafumbi wa pakati pa nzimbe, mapiko atapachika masamba mbali zonse, Lameki atakhala pansi pamthunzi wa phiko.

"A Ngozo, mwavulala?"

"Ayi bambo. Koma inangozima. Sinatsokomole, sinachenjeze. Ndikungoyandikira mlambe uja, thi! Ngati munthu waitseka pakamwa."

A Fote anaimasula injiniyo mpaka pamtima. Anatsitsira mafuta m'botolo n'kuwayang'ana padzuwa: munalibe ngakhale dontho la madzi. Mapulagi anali oyera, sefa yabwino, mapaipi osatsekeka. Atabwezera zonse, injini inalira pa kukhudza koyamba, mokoma ngati yatsopano. Makaniko amasangalala akapeza chowonongeka, chifukwa chowonongeka chimakonzeka. Iwo sanapeze kanthu, ndipo anachita mantha.

Ndege inapopera minda ina yonse popanda vuto. Itabwereranso ku Mlambe inazimanso, pamalo omwewo. Ulendo uno Lameki sanaupeze msewu. Anaigwetsera m'munda wodula kale, tayala limodzi linathyoka, ndipo iye anang'ambika pachipumi moti anakamusoka kuchipatala.

Pakampaundi pakamwa sipagona. Kuchigayo anayamba kunong'onezana kuti mkamwini ndi apongozi sakumwerana madzi. Kumpope inakula: akuti a Fote akufuna kupha mwana wa eni kuti chipukuta misozi chigwere kwa Felesita. Anthu omwe aja ankawaseka ndi kuwagwira paphewa tsopano ankapatuka akawaona. Manijala naye anawaitana mu ofesi, osawapatsa mpando.

"Ndege imeneyi si yathu, timachita kubwereka. Ikangogwanso, eni ake adzaitenga, ndipo inu mudzatsagana nayo pageti."

Za geti a Fote sizinawapweteke kwenikweni. Chinawapweteka ndi Felesita. Anabwera kushedi masana ndi chakudya, n'kukhala pachigubu akuyang'ana manja a bambo ake. Pomaliza anafunsa, mawu ali pansi.

"Ababa, kodi injini ija ili bwino?"

"Ili bwino, mwana wanga."

"Nanga bwanji ikufuna kundiphera mwamuna?"

Sanawaneneze, koma funso lenilenilo linali m'maso mwake, ndipo iwo analiona. Mwana amene anamulera okha mayi ake atamwalira anali kuwakayikira. Chakudyacho sanachikhudze.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa litapendeka, anakumbuka kuti jeke yawo inatsala kumunda wa pafupi ndi Mlambe kumene anakweza ndege yothyoka tayala ija. Anapita okha. Jekeyo anaipeza, ndipo akuimangirira panjinga anazindikira kuti kunja kwangoti bata. Kuchigwa nthawi imeneyo kumakhala phokoso la achule ndi nyenje, koma apa munalibe ngakhale udzudzu. Kenako fungo lija linawafika, la adyo wowola.

Patsinde pa mlambe panali munthu. Anavala ovolosi ya khaki ya mtundu umene esiteti inasiya kupereka kalekale, ndipo inali yonyowa chonyowa, pomwe mvula inali isanagwe miyezi yambiri. Anagwira nsungwi ndi manja awiri. Nkhope yake a Fote sanaione, chifukwa anali atayang'ana kumwamba.

"Pepani amisiri," anatero munthuyo, mawu ake osasa, akalankhulidwe ka kutsidya kwa malire. "Kodi taweruka?"

A Fote anayankha kuti, "Anthu anaweruka kalekale, achimwene. Pitani kunyumba."

"Ayi. Ndege sinagwedeze."

Anatsokomola, chifuwa chouma chija, osachotsa maso kumwamba. A Fote anaponda njinga, ndipo ndikuuzeni, bambo wa zaka zawo sanayendetsepo choncho. Sanacheuke mpaka anafika pakhomo pa a Bizeki.

A Bizeki anamvetsera osadabwa. Anathamangitsa ana pakhonde, n'kukhala nthawi yaitali akupota fodya amene sanamuyatse.

"Dzina lake ndi Sande," anatero. "Anachokera ku Mutarara, kutsidya kwa malire, nthawi ya nkhondo ya kwawo. Munthu womvera ngati ameneyo sindinamuone. Ukamuuza kuti ima apa, amaima. Nthawi imeneyo ndege inkayendetsedwa ndi mzungu wina. Tsiku lina ali mkati mopopera ku Mlambe injini inamuvuta, anakhota kuti abwerere kubwalo, osafika. Anagwera m'ngalande uko, ndege n'kuyaka. Esiteti yonse inathamangira kumoto. Ambendera amene anaona utsi anataya nsungwi n'kuthamanga nawo. Koma Sande anali kuseri kwa nzimbe zazitali, sanaone kanthu. Mankhwala anali atamuthira thupi lonse, amphamvu aja analetsedwa aja, mwezi wa Okutobala, dzuwa lake mukulidziwa. Anamupeza mawa lake atatsamira mlambe, maso ali kumwamba. Nsungwi anachita kumuthyola zala kuti aichotse."

"Abale ake?"

"Abale ati? Anamuika anthu a kampani, mofulumira. Panalibe womuuza kuti ntchito yatha, kagoneni. Mundawo unayamba kuvuta, mathirakitala kumazima okha, ndiye anangousiya. Tsopano wamvanso ndege pamutu pake. Ikudutsa, ikudutsa, osamugwedezera. Watopa, amisiri. Akuitsitsa kuti afunse."

"Ndiye a Ngozo akangogwedeza mapiko pamlambepo, zatha?"

"Mwina. Koma pali china." A Bizeki anasendera pafupi. "Wambendera amachoka pamalo m'njira ziwiri. Ndege ikagwedeza, kapena mnzake akabwera kudzamulandira nsungwi. Wolandirayo ndiye amatsala. Ngati angakupatseni, manja kumbuyo."

Kuuza mkamwini nkhani yotere si chinthu chapafupi, makamaka mkamwini wophunzira za mitambo ndi mphepo kunja kwa dziko. A Fote anazungulira, anayamba ndi za tayala latsopano, anadutsa pa za mtengo wa chimanga, kenako anangoikhutula nkhani ya Sande. Ankayembekeza kusekedwa. Lameki anagwira bandeji ya pachipumi pake, n'kuyang'ana pansi.

"Bambo, ine munthu ameneyo ndimamuona tsiku lililonse. Sindingatsutse. Mawa ndisanapopere ndiyamba ndamugwedezera, aweruke."

"Mukwere kwambiri, a Ngozo. Mugwedeze muli patali."

"Akakhala sanaone? Ndiyenera kudutsa pamene iye angandione."

Anakambirana za kutalika, za msewu woti n'kuterapo zitavuta, za mphepo. A Fote anasangalala kwambiri kuti mkamwini wavomera, moti chenjezo lachiwiri lija, la nsungwi, linatsalira m'mutu mwawo. Analikumbuka ndege itanyamuka kale.

Kunali nkhungu m'mawa umenewo, yogona pamwamba pa nzimbe ngati thonje. A Fote sanadikire pabwalo. Anakwera njinga n'kulondola phokoso la injini kulowera ku Mlambe, akudzitukwana njira yonse. Anaiona ndege ikutuluka m'nkhungu, yachikasu, ikutsika bwinobwino kulunjika mlambe. Phiko lakumanzere linayamba kupendekera pansi. Lisanabwerere, injini inazima.

Ndege yozima injini, ili pafupi ndi nthaka choncho, sungaigwedeze. Ukangoyesa, phiko likola nzimbe n'kukugudubuza. Lameki anaiwongola, anaitsetsereka, n'kuigwetsera mumsewu wa m'mbali mwa dambo. Inathamanga pang'ono, matayala n'kutitimira m'matope, mphuno n'kudzibaya pansi, mchira m'mwamba. A Fote anamva kulira kwa chitsulo chopindika, kenako bata lija.

Njinga nayo inazima yokha. Anaitaya n'kuyamba kuthamanga wapansi, chifuwa chikuwawotcha. Atatulukira m'mphepete mwa munda anaona chitseko cha ndege chili chotsegula, Lameki ataima pamsewu, wamoyo, miyendo yonse iwiri ili yake. Anafuna kugwa pansi ndi chimwemwe. Kenako anaona kumene Lameki ankapita.

Ndege inali itaima pafupi ndi mlambe. Munthu wa ovolosi yonyowa uja anali pomwe paja, koma tsopano sankayang'ana kumwamba. Anali atatambasula manja, akupereka nsungwi. Ndipo Lameki, mutu utazunguzika ndi kugwa, ankachita chimene mwana aliyense woleredwa bwino amachita wamkulu akamupatsa chinthu: anapinda mawondo pang'ono, n'kutambasula manja onse awiri. Kwathu kuno kukana cholandira kwa wamkulu ndi mwano, ndipo Lameki mwano sanauphunzire.

"A Ngozo! Manja kumbuyo!"

Mawuwo anamira m'nkhungu ngati mwala m'matope. Lameki sanacheuke. A Fote anaona nkhope ya Felesita pachigubu paja, anamva funso lake lija. Chiyambire ukwati anali asanamukhudzepo mkamwini wawo ngakhale paphewa, monga mwa ulemu. Tsiku limenelo anamugunda ndi thupi lonse mpaka kumugwetsera m'nzimbe, iwo n'kuima pamalo pake.

Nsungwi inali ikadali yotambasulidwa. Inkatsata Lameki kumene anagwerako, pang'onopang'ono, monga mbendera imatsatira mzere. A Fote anaona kuti munthuyu sabwerera nayo.

"Achimwene," anatero, akupuma movutika, "uyo ndi mwana, ntchito imeneyi saidziwa. Bweretsani kuno. Ndabwera kudzakulandirani."

Nsungwiyo inali yozizira ngati yochokera m'chitsime. Itangokhudza zikhatho zawo anamva munthu akuusa moyo, kuusa kwautali, kwa munthu wotula mtolo umene wausenza zaka. Anamva mapazi opanda nsapato akuyenda m'matope kulowera kum'mawa, kumene kuli malire. Fungo lija linachoka. Achule anayamba kulira.

Lameki anadzuka akudzisasa. "Bambo, chachitika n'chiyani? Tiyeni tichoke pano."

A Fote anafuna kuti ayende. Miyendo inalibe vuto, ankaimva bwinobwino. Kungoti kuchoka kunalibe m'mutu mwawo, monga mmene kulumpha m'moto kumakhalira kulibe m'mutu mwa munthu. Khosi lawo linapendekera lokha kumwamba.

"Ndege sinagwedeze," anatero.

Anthu anabwera, thirakitala inabwera, manijala anabwera. A Bizeki atangoona nsungwi m'manja mwa a Fote anakhala pansi m'matope n'kugwira kumutu. Ndiwo anauza aliyense kuti asayerekeze kuikhudza. Amuna anayi anawanyamula a Fote, nsungwi ili m'manja, n'kukawagoneka kunyumba. Kum'mawa kusanafiire anali atabwerera pa mlambe, chitseko chili chokhoma monga anachisiyira. Anawatengera kuchipatala, adokotala anapima zonse n'kunena kuti thupi lilibe matenda. Anabwera a mpingo, anabwera wa zitsamba wochokera kutali. Aliyense anayesa zake, ndipo kukacha a Fote ankapezeka pamalo pawo.

Sikuti anapenga. Anthu ankawazindikira, mayina ankawadziwa. Felesita ankabwera ndi phala n'kumawamwetsa ali chiimire, ndipo iwo ankameza pang'ono kuti amusangalatse. Tsiku lina anagwada pamapazi awo akulira.

"Ababa, ndikhululukireni. Ndinamvera za kumpope."

"Palibe mlandu, mwana wanga. Mwamuna wako wadya?"

"Wadya."

"Chabwino." Kenako anafunsa mwaulemu ngati akufunsa mlendo. "Kodi taweruka?"

Lameki sanagone tulo masiku amenewo. Anapita kwa manijala kukapempha kuti amulole kuuluka kamodzi kokha, angodutsa pamlambe n'kugwedeza mapiko. Manijala anamuonetsa ndege: pulopela yopindika, injini yomwa matope, ndipo munthu yekhayo amene akadaidzutsa ndi amene anaima kumundayo. Lameki anaimbira eni ndege kuti atumize ina. Anamuyankha kuti ndege yagwa katatu pamunda umodzi, satumizanso ina kuchigwako, esiteti izipopera ndi manja. Anayesa kwina, anapereka ngakhale malipiro ake onse. Palibe anafuna kuika ndege yake pamwamba pa munda wa mbiri yotere chifukwa cha nkhani ya mzimu.

Atasowa kolowera anapita pa mlambe yekha. Anagwada m'matope, n'kutambasula manja awiri.

"Bambo, ndipatseni. Inali yanga imeneyo."

Apa mpamene a Fote anamenya nkhondo yeniyeni. Mikono yawo inali itatupa, zidendene zitang'ambika, ludzu silinkatha ngakhale amwe chotani. Chinthu chija chinali mu nsungwi chinkafuna kuperekedwa. Anamva manja awo akuyamba kutambasuka okha, ndipo mtima wina unkawanong'oneza za mphasa, za kugona chagada, za kutseka maso. Anali otopa, ndipo ankafunitsitsa. Analuma mano mpaka magazi, n'kukokera nsungwi pachifuwa.

"A Ngozo," anatero, osatsitsa maso, "ndinakupatsani mwana wanga. Zimenezo zikukwanireni. Mukadzabweranso ndi manja otambasula, sindinu mkamwini wanga. Nyamukani."

Lameki analira ngati mwana, koma ananyamuka, poti mawu a apongozi sabwezedwa.

Eni ndege anatumiza lole. Ndege sikwera lole ili ndi mapiko, choncho anyamata a kushedi anawamasula onse awiri, n'kuwasanjika pambali pa thupi lake, matayala akale pakati. Msewu wotulukira kudamboko umadutsa pafupi ndi mlambe, ndipo a Fote anaimva lole ikubwera. Kwa nthawi yoyamba chiyambire tsiku lija anatsitsa maso. Anaona utoto wachikasu. Anaimirira mowongoka, n'kukweza mbendera m'mwamba kuti ndege iwaone.

A Bizeki anamvetsa msanga. Anathamangira kwa dalaivala akukuwa. "Lowetsani m'maenje kuti mapiko agwedezeke! Musazembe, lowetsani m'maenje momwemo!" Felesita naye anamva, Lameki anamva, anthu onse amene anaima pamsewupo anamva, ndipo maso onse anali pa mapiko aja. Msewu unali woipa, wa mabampu ndi maenje a thirakitala. Dalaivala analowetsadi. Lole inagwedezeka, inalira, inapendekera uku ndi uku, mafuta otsala n'kumatayikira pansi.

Koma anyamata amene anamanga mapikowo anali ophunzitsidwa ndi a Fote eni ake, ndipo a Fote sankalola chinthu chogwedera kutuluka m'shedi mwawo. Zingwe zinagwira. Mapiko anadutsa pamaso pawo atagona phee, osasuntha ngakhale pang'ono. Lameki anathamangira loleyo ndi mpeni kuti adule zingwe, koma mmene ankaipeza inali itakhota kale kuseri kwa nzimbe, kumene wambendera sangaone. Dalaivala anakana kubwerera. Anati injini yake inayamba kuzima pamlambe paja, ndipo iye ali ndi ana.

A Fote anayang'ana fumbi mpaka linatha.

"Amanga bwino," anatero, ndipo m'mawu awo munali kunyadira pang'ono. Kenako anabwezera maso kumwamba.

Anawaika m'manda mvula yoyamba isanagwe, ndipo nsungwi anaikwirira nawo limodzi, poti panalibe wolimba mtima woichotsa. Lameki ali moyo mpaka lero, ndi nkhalamba ya zidzukulu, ndipo sanayendetsenso ndege. Munda wa ku Mlambe unabwerera kutchire. Asodzi odutsa kudamboko m'mamawa amati ndege zikuluzikulu zopita kunja zikamadutsa kutali m'mwamba, kansalu koyera kamakwera pamwamba pa udzu n'kumazitsata mpaka zitazimirira. Koma ndege zimenezo sizigwedezera munthu mapiko.